Funsani Dokotala: Kodi jekeseni ya mahomoni ingawayendetsenso amuna anga?

Adokotala, amuna anga anagwa padenga la nyumba imene ankamanga ku Chalala miyezi inayi yapitayo, nathyoka msana. Opaleshoni anachitidwa, koma miyendo sikugwirabe ntchito, kupatula chala chachikulu chakumanja chimene chimagwedezeka pang'ono. Alamu anga anditumizira uthenga pa WhatsApp woti jekeseni ya progesterone imalumikiza mitsempha. Ndigulitse makina anga osokera kuti ndiwagulire?
Mayi wa ku Chawama

Amayi, pepani ndi mavutowa, koma makinawo musagulitse.

Alamu anuwo sananame kotheratu ayi, nkhaniyi ili ndi pochokera. Taonani waya wa ayironi yanu: m'kati muli kopa, kunja kuli chokutira. Mitsempha ya mumsana nayonso ili ndi chokutira chake chamafuta, dzina lake myelin, chimene chimathandiza uthenga wochokera ku ubongo kuthamanga mpaka kuphazi. Msana ukavulala, mitsempha ina imadukiratu, ina imatsala koma yosendeka, chifukwa maselo opanga myelin amapitiriza kufa kwa masabata angapo ngoziyo itachitika. Ofufuza ataona zimenezi anabaya makoswe ovulala msana progesterone, imodzi mwa mahomoni (timadzi timene thupi limapanga lokha toyendetsa ntchito zake), ndipo anapeza kuti maselo atsopano opanga myelin akuchuluka. Mahomoni a estrogen ndi a chithokomiro anaonetsanso zolimbikitsa pa nyama.

Koma khoswe si munthu. Khosweyo amamuvulaza mwadala pamalo oyezedwa bwino, mankhwala n'kuyamba nthawi yomweyo, osati patapita miyezi inayi. Progesterone anaiyesa pa anthu ovulala ubongo m'kafukufuku wamkulu kawiri, wina wa odwala 882, wina wa odwala 1,195. Zotsatira zitatuluka mu 2014, amene analandira mankhwalawa sanachire kuposa anzawo. Madokotalafe tinakhumudwa, chifukwa ambiri tinkayembekezera zabwino. Mpaka lero palibe homoni yovomerezedwa kuti ibwezeretse myelin mwa munthu wovulala msana.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chimene angakugulitseni. Jekeseni yakulera ija ya miyezi itatu, Depo-Provera, ena amaitchulanso progesterone, koma ndi mankhwala ena ofanana nayo chabe, ndipo imafewetsa mafupa. Amuna anu mafupa a m'miyendo ayamba kale kufewa poti sakuponda pansi. Estrogen imaundanitsa magazi, pamene munthu wogona osayenda ali kale pangozi yoti magazi aundane m'mwendo n'kuthawira kumapapo. Homoni ya chithokomiro ikachuluka, mtima umagunda mosokonekera.

Ilipo homoni imodzi yoti mungafunse kuchipatala. Amuna ambiri ovulala msana testosterone imawachepera, ndiye amangokhala ofooka, osafuna kanthu. Imeneyo amayamba ayeza magazi, m'mawa, ndipo akaipereka imathandiza minofu ndi mphamvu. Kukonza mitsempha ayi.

Ndalama imene muli nayo ipite ku mayendedwe okaonana ndi a physio (akatswiri olimbitsa ziwalo za odwala), kaya kuchipatala chachikulu cha UTH kaya cha Levy Mwanawasa ku Lusaka, ndi ku matiresi ofewa. Muziwatembenuza maola awiri alionse, ngakhale usiku, ndipo m'mawa uliwonse muziyang'ana zidendene, m'chiuno ndi pamwamba pa matako. Mukaona malo osintha mtundu amene sakubwerera mukawadina ndi chala, chilonda chayamba, asagonerenso mbali imeneyo. Mkodzo ukayamba kununkha kapena kuda, thupi n'kutentha, musadikire tsiku la kiliniki. Ambiri amene timawataya sitiwataya ndi msanawo, koma ndi zilonda ndi matenda a m'chikhodzodzo.

Tsopano chala chija. Kugwedezeka kwake kukusonyeza kuti mitsempha ina inapulumuka, ndipo anthu otere ndi amene nthawi zambiri amapitiriza kusintha, makamaka m'chaka choyamba. Sindikulonjeza kuti adzayenda. Koma muchijambule pafoni lero chikugwedezeka, mudzajambulenso pakatha mwezi, ndipo mavidiyo onse awiri mukawaonetse a physio.