Anadinda pulaniyo ndani?

Mayi wina wandilembera imelo sabata yatha. Akuti kuseri kwa nyumba yawo, pabwalo pomwe ana amasewerera mpira, pafika mchenga ndi njerwa, ndipo amva kuti pamangidwa filing'i siteshoni. Atafunsa ku khonsolo anangouzidwa kuti pulani inavomerezedwa kale. Akufuna adziwe amene anavomereza komanso zifukwa zake.

Mayi, kalata yanu yanditosa pachilonda, ndiye mundipirire, ndiyamba ndi zanga.

Kumunsi kwa nyumba ya amayi anga kunali dambo. Ife tinkangoti kwa achule. Chilimwe tinkamenyerako mpira wachikulunga mpaka mdima, dzinja madzi onse a m'misewu yathu ankathera kumeneko. Chaka china, nditayamba kale ntchito, ndinapita kukawaona amayi n'kupeza malole akukhuthula dothi lofiira m'dambomo. Pasanathe miyezi inayi panaima mpanda wautali, pamwamba ataikapo magalasi oswa. Mvula ya Disembala itabwera madzi anasowa kolowera, anabwerera n'kudzalowa pakhomo la kukhitchini. Matumba awiri a chimanga ananyowa, china chinamera m'thumba momwemo. Ndinawapeza amayi akukapa madzi ndi beseni, chitenje atamanga m'chiuno, n'kundiuza kuti: "Mwanawe, usalimbane nawo, awa ndi anthu a ndalama."

Sindinawamvere. Ku khonsolo ndinapitako kasanu, ndipo benchi ya pakhonde paja ndimaidziwa bwino, mwendo umodzi anachirikiza ndi njerwa. Ulendo woyamba abwana anali kumsonkhano kunyanja. Wachiwiri fayilo inali kwa abwana. Wachitatu abwana analipo koma fayilo sinkaoneka. Ulendo wachisanu bambo wina wachikulire wa mu ofesimo anandimvera chisoni, anatsegula kabati n'kundionetsa nyuzipepala yakale. Munali kachidziwitso kakang'ono ngati bokosi la machesi, kakuti malo akuti, nambala ya poloti yakuti, akufuna kusintha ntchito yake, wotsutsa alembe kalata. Ndani m'dera lathu ankadziwa nambala ya poloti ya kwa achule? Amayi anga nyuzipepala ankaiona ikakulunga usipa. Koma pa pepala zonse zinali m'malo mwake: anthu anauzidwa, palibe anatsutsa.

Nthawi imeneyo ndinkati basi, anadya. Mwina anadyadi, umboni ndinalibe. Lero maganizo anga anauma kwina. Ngakhale pasadutse tambala imodzi, chigamulo chomwe chikulowetsa madzi m'khitchini mwa munthu koma mwiniwakeyo sangachiwerenge n'cholakwika kale. Sindikana chitukuko, petulo tonse timamufuna, ine ndemwe ndagonapo pamzere. Chimene ndikukana n'chakuti anthu ochepa akhale m'chipinda, agwirizane, ife tidzamvere kwa amisiri okumba maziko.

Ndipo khalidweli lili ndi kochokera. Kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka zonsezo makhonsolo ankayenda popanda munthu wosankhidwa ndi anthu woti afunse mafunso. Makhansala anabwerera pa chisankho cha 2014, koma chizolowezi chotseka chitseko sichichoka ndi voti imodzi. Mwana amene analowa Sitandade 1 mu 2005 anafika ku sekondale asanaonepo khansala.

Chinanso chimandiwawa. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope ku Soche ndi ku Chilobwe mu Malichi 2023, tonse tinasanduka akatswiri a mapulani, kuloza chala amphawi omanga m'phiri popanda chilolezo. N'zoona, malowo ndi oopsa. Koma za nyumba zikuluzikulu zomangidwa m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, zokhala ndi chidindo chenicheni, mbee, zimenezo sitifunsa. Wopanda pepala timamudziwa mlandu wake. Wa pepala, anam'patsa ndani, ataona chiyani?

Ndasochera, ndikudziwa. Tibwerere kwa inu.

Tsono muchite chiyani?

Musapitenso ndi pakamwa pokha. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, kudzera kwa ofisa woona zopereka uthenga, mutchule lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Lamuloli limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni, ndipo akakhala chete mungakadandaule ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imaliyang'anira. M'kalatamo pemphani zinthu zogwirika: chilolezo chomangira, maminitsi a komiti ya mapulani ya tsiku lomwe anavomereza, chidziwitso chomwe anaulutsa ngati anasintha ntchito ya malowo, ndi zomwe a zachilengedwe ku MEPA ananena, poti matanki a mafuta apansi pafupi ndi nyumba za anthu si nkhani yamasewera. Tchulaninso gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limati chigamulo cha boma chikakukhudzani muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa. Kuvomereza mapulani kumayendera lamulo la Physical Planning la 2016, lomwe lili ndi njira yochitira apilo, choncho funsani msanga za masiku ake asanakuthereni. Kwa Ombudsman, ofesi yomva madandaulo a anthu okhudza maofesi a boma, nakonso n'kotsegula, ndipo salipiritsa.

Musayende nokha. Aneba asaine nawo, amfumu a m'dera ndi khansala wanu alandire kope, pabwalopo mujambule zithunzi lero lomwe maziko asanakwere. Kalatayo mupite nayo iwiri, imodzi akudindireni ndi tsiku lake mubwerere nayo kunyumba. Ine ndinapita maulendo asanu aja chimanjamanja, ndipo mpaka lero palibe buku lililonse ku khonsoloko lomwe likusonyeza kuti ndinafikako.