Kodi zipembedzo zonse zimanena chinthu chimodzi?

Mayi wina wa ku Balaka wanditumizira imelo. Mwana wawo wamwamuna, yemwe ndi Mkatolika ngati mayiwo, akufuna kukwatira mtsikana wachisilamu. Pokambirana, mmodzi wa ankhoswe anawauza kuti asade nkhawa, Mulungu ndi mmodzi, zipembedzo zangokhala njira zosiyana zopita kumudzi umodzi. Funso lawo ndi lakuti, kodi zimenezi n'zoona?

Mayi, ankhoswewo anali ndi cholinga chabwino, sankafuna kuti nkhani ifike poipa. Koma ine ndikuti ayi, si zoona, ndipo kungovomera mawuwo kudzavutitsa anawa kutsogolo.

Pamakhalidwe, inde, pali kufanana kwakukulu. Mateyu 7:12 amati tizichitira anzathu zimene tikufuna kuti iwo atichitire. Asilamu ali ndi hadisi (mawu a Mneneri Muhammad) yonena kuti munthu sanakhulupirire kwenikweni mpaka atafunira m'bale wake zomwe amadzifunira yekha. Confucius, mphunzitsi wanzeru wa ku China, ananenanso zofanana nazo zaka pafupifupi 500 Yesu asanabadwe. Kusala kudya, kuthandiza osauka, kulemekeza makolo, zonsezi mudzazipeza kutchalitchi ndi kumzikiti komwe.

Mpungwepungwe umayamba mukafunsa kuti chinachitika n'chiyani pa Gologota. Korani, pa sura 4 ndime 157, imanena kuti Yesu sanaphedwe ndipo sanapachikidwe. Paulo, pa 1 Akorinto 15:14, akuti ngati Khristu sanauke kwa akufa, chikhulupiriro chonse n'chachabe. Apa palibe kulumikiza. Mwina anafa pamtanda, mwina sanafe. Sura 112 imatinso Mulungu sanabereke ndipo sanaberekedwe, pamene inu Lamulungu lililonse mumaimirira pa Misa n'kuvomereza kuti Yesu ndi Mwana wa Mulungu. Msilamu amalemekeza Yesu ngati mneneri, amalemekezanso Maria kwambiri, moti sura 19 imatchedwa ndi dzina lake. Komabe kumuuza kuti iye ndi inu mumakhulupirira zofanana ndiye kuti simunamumvetsere.

Mukapita kutali, kusiyanako kumakulirakulira. Chibuda sichiphunzitsa za Mlengi n'komwe, ndipo chimakana kuti mwa munthu muli mzimu wosasintha. Ahindu ambiri amati mzimuwo ulipo ndipo umabadwanso kambirimbiri. Ngakhale pa matenda a munthu, zipembedzozi sizigwirizana kuti ndi ati: Mkhristu akuti ndi tchimo lomwe tinabadwa nalo, Msilamu akuti mwana amabadwa woyera koma munthu amaiwala Mlengi wake, Mbuda akuti ndi chilakolako chosatha chimene chimabala mavuto. Nanga mankhwala angakhale amodzi bwanji?

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti mawu akuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi nawonso ndi chiphunzitso cha zipembedzo zina. Swami Vivekananda, Mhindu, ndi mmodzi mwa amene anawatchukitsa pa msonkhano wa zipembedzo ku Chicago mu 1893. A chipembedzo cha Baha'i amaphunzitsa kuti Mose, Yesu, Muhammad ndi Baha'u'llah, yemwe anayambitsa chipembedzo chawo, ndi atumiki a Mulungu mmodzi, aliyense pa nthawi yake. Ndi maganizo olemekezeka, koma wowalankhula sali pakatikati ayi. Nayenso wasankha mbali.

Mpingo wanu womwe sunanenepo kuti zonse n'zofanana. Chikalata cha Mpingo wa Katolika chotchedwa Nostra Aetate cha mu 1965 chimati mpingo sukana chilichonse choona ndi choyera m'zipembedzo zina, ndipo chimalankhula za Asilamu mwaulemu monga opembedza Mulungu mmodzi. Koma Papa John Paul II ataitana atsogoleri a zipembedzo ku Assisi, m'dziko la Italy, mu 1986 kuti apempherere mtendere, gulu lililonse linapemphera mwa njira yake. Kwathu kuno bungwe la Public Affairs Committee, lomwe linayamba mu 1992, lakhala likusonkhanitsa mabishopu, abusa ndi mashehe pa nkhani za dziko, popanda wina kusiya chikhulupiriro chake. Kukhalirana bwino sikudikira kuti tiyambe tagwirizana za kumwamba.

Tsono m'malo modzitonthoza ndi mawu a ankhoswe, khalani pansi ndi anawo. Akatswiri ambiri a malamulo achisilamu salola mkazi wachisilamu kukwatiwa ndi mwamuna yemwe si Msilamu, choncho musadzadabwe akuchikazi akadzapempha kuti mwana wanu alowe Chisilamu. Kumbali yanu, ukwati ndi munthu wosabatizidwa umafuna chilolezo cha bishopu, ndipo Mkatolikayo amalonjeza kuyesetsa kuti ana adzabatizidwe. Afunseni: ukwati udzamangidwira kuti? Ana adzapita ku madrasa kapena ku katekisimu? Nkhumba idzalowa m'nyumbamo? Ndipo maliro akadzagwa, popeza Asilamu amaika mwachangu komanso mwa mwambo wawo, adzatsogolera ndani? Ayankhe okha, onse awiri ali pomwepo, tsiku la chinkhoswe lisanatchulidwe.