Chingwe cha mamita 15 chinandithyola chala

Achemwali, mwafunsa za chingwe chachitali chophunzitsira galu kubwera mukamuitana, koma cha mamita 15 chomwe mwaika pa chithunzicho musagule, chonde musagule, ndangochiona chala changa chayamba kuwawa pompano. Ndi chomwecho ndendende chomwe anandigulitsa ine, kanayiloni kozungulira kowonda ngati chingwe choyanikira zovala, kokhala ndi kakilipi konyezimira kumapeto. Ndipo mwati galu wanu ndi wa miyezi 10 ndipo mukamuitana sabwera, nde mmene analili Bruno wanga nthawi imeneyo, kungoti iye anali atafika kale makilo 28.

Munthu amene anandigulitsa, sindimutchula koma Mulungu akumuona, anandiuza kuti ingokolekani pa kolala basi muzimusiya azithamanga, akafika kumapeto chingwe chimuimitsa chokha nde aphunzira. Aphunzira eti. Ine ndi uchitsiru wanga ndinakhulupirira poti amalankhula ngati katswiri, amati wakhala akuphunzitsa agalu zaka zambirimbiri.

Tsiku lachitatu lokha. Tili pabwalo lalikulu la udzu, Bruno ali kumbuyo kwanga uko akununkhiza, chingwe chonse chatambasuka, ine ndakulunga kumapeto kwake pa dzanja kawiri kuti chisandipulumuke, dzanja linalo ndikuyankha foni. Kutsogolo kunadutsa mphaka. Sindinamuone nkomwe mphakayo, chomwe ndinaona ndi galu akundidutsa pambali liwiro la mtondo wadooka, ndipo apa ndi pomwe anthu sawerengera, galu akakhala kumapeto kumbuyo kwako nkuthamangira kutsogolo sathamanga mamita 15 ayi, amathamanga 30 chingwe chisanakoke. Pa mamita 30 galu wafika kale pa liwiro lake lonse. Ndinaona chingwe chikuuluka mu udzu ngati njoka, mutu unandiuza kuti gwira, ndinachigwiradi ndi dzanja lopanda gulovu, chinadutsa mchikhatho kuti fyuuu ngati ndagwira chitsulo chamoto, khungu linasupuka mzere kuyambira pa chala chamkombaphala mpaka mmunsi mwa chikhatho. Ndisanakuwe nkomwe chinafika kumapeto, pomwe ndinakulunga pa dzanja paja, ndinamva kuti thyoo mu chala chapakati, nkugwa chafufumimba, foni uko, nsapato imodzi uko. Koma chimene sindidzaiwala si chala ayi, ndi Bruno. Kolala inamukoka pakhosi mpaka miyendo yonse inayi inachoka pansi, anatembenuka mmwamba nkugwa chagada kuti khuu, kenako zii. Sanalire. Anangogona pompo maso ali tong'o lilime kunja, ine ndikukwawa kupita pomwe ali ndikuti ndapha galu wanga ndi manja anga. Mwina anali masekondi asanu okha koma kwa ine inali ngati ola, kenako anadzuka nkuyamba kutsokomola ngati wameza fupa, kutsokomola kosalekeza, malovu ali chuchuchu.

A vetenale atamuona anati mwayi wake khosi silinavulale mkati, anangotupa pa mmero, koma anandikalipira ngati mwana, amvekere chingwe chachitali sichikolekedwa pa kolala, ndani anakuuzani zimenezi. Anandifotokozera kuti liwiro likawirikiza kawiri mphamvu yomwe galu amamenyera kumapeto imawirikiza kanayi, ndipo yonseyo imathera pakhosi. Bruno anatsokomola pafupifupi sabata yathunthu, ine chala anachimanga masabata anayi ndipo mpaka lero sichipindika bwinobwino kukazizira.

Nde ndinabwerera kwa wogulitsa uja dzanja lili mu bandeji. Mukudziwa zomwe anandiyankha? Akuti galu wanu ndi wosamva, vuto ndi inuyo simunamuphunzitse. Aaaa! Ngati akanakhala womva chingwecho ndikanachigulira chani? Ndimafuna chingwe chifukwa choti samva! Nkuyamba kundionetsa chija chodzikulunga chokha mu kabokosi, cha Flexi, akuti ichi nde chikuyenerani. Mxiii. Ndinangotuluka ndisanalankhule zoti ndidzanong'oneze nazo bondo. Anthu ena amangofuna katundu achoke pa shelefu, zoti ukathyoka kapena galu akapotoka khosi alibe nazo ntchito, ndipo amalankhula molimba mtima ngati anabadwira mkhola la agalu. Ndikuonanso wina mmwambamu wakuuzani kuti mugule chodzikulungacho, pepani bambo koma ayi. Chimenecho chimakhala chokoka nthawi zonse chifukwa cha sipuling'i yamkati, nde galu amaphunzira kuti akakoka mpomwe amapita patsogolo, zosiyana kwenikweni ndi zomwe mukufuna. Komanso kabokosiko kakakupulumuka kamagubuduka kumuthamangitsa galu pambuyo kakulira kwekwekwe, galu wamantha amathawa osayang'ananso mmbuyo.

Chinthu choyamba si chingwe nkomwe, gulani kaye hanesi, malamba aja omuveka galu pachifuwa ndi pamsana mmalo mwa pakhosi, yokhala ndi ling'i pamsana, yomukwana bwino kuti akabwerera chammbuyo asavule. Chingwe chachitali chimapita pamenepo basi. Mukapanda hanesi bola osagula chingwecho.

Chingwecho chikhale chafulati ngati lamba osati chozungulira chowonda, chowonda nchimene chimadula. Ine panopa ndili ndi cha biothane, ndi lamba wa poliyesita wokutidwa ndi pulasitiki wofewa, sichimwa madzi, sichitola timinga ndi njere za udzu, chikadetsedwa umangochipukuta ndi kansalu basi. Cha nayiloni chikanyowa ndi mame chimalemera komanso chimatola matope onse nkuyamba kununkha, cha thonje nchofewa mmanja koma chimachedwa kuuma. Biothane nayenso ali ndi vuto lake, akanyowa amaterera mmanja, nde magulovu musawasiye, ine ndimavala aja a njinga odula zala ngakhale anthu amandiseka. Kukula kwa lamba muonere galu, wamng'ono mamilimita 9 kapena 10 akwana, wamkulu ngati Bruno 16 kapena kuposa. Ndipo kilipi muiyang'anitsitse, ikhale yozungulira pakhosi pake kuti chingwe chisamapotane, yolimba koma osati chimtolo choti chizimumenya kagalu pamsana akamathamanga. Ija yonyezimira yotchipa ya ine inapindika tsiku lomwe lija, kungoti siinathyoke.

Kutalika ndinganene kuti yambani ndi mamita 5 mpaka manja azolowere, kenako 10, kupitirira apo nkufuna mavuto. Ngakhale kunena zoona ine ndinabwereranso ku 15 kkkk, pa 10 Bruno amadziwa kuti ndili pafupi nde amamva ngati mngelo, ukangomutalikitsa mpomwe khalidwe lake lenileni limaoneka, nde ungamuphunzitse bwanji kubwera kuchokera patali ngati safika patalipo. Koma inu musatengere ine.

Osachikulunga pa dzanja, osalowetsa dzanja mu chogwirira mpaka pamkono, osachisiya chili mulu pamapazi chifukwa chikakola kakolo mugwa kuposa mmene ndinagwera ine. Chigwireni chitapindidwa mmikombero ikuluikulu dzanja limodzi, linalo lizimasula ndi kubweza pang'onopang'ono galu akamayenda, kuti pasakhale chingwe chambiri chongogona pansi choti atengerepo liwiro. Akakhala kumbuyo kwanu chifupikitseni, phunziro langa lija. Foni mthumba. Ndipo musachitaye chingwe mwachisawawa makamaka ngati pali msewu pafupi, galu wothamangitsa mphaka saona galimoto. Koma akanyamuka ndi liwiro lonse inu musanakonzeke chisiyeni chipite, osachigwira chikuthamanga, chala sichimeranso. Ena amati uziponda ndi phazi, ndinamanga mfundo zitatu chakumapeto kuti chizikodwa pansi pa nsapato, zimathandiza akamangoyenda kapena kuthamanga pang'ono, koma galu wa makilo 28 ali pa liwiro ukaponda amakusesa miyendo, ndinayesa kamodzi ndinakhala pansi ndi matako. Ngati muzimusiya azichikoka pansi yekha gulani chopanda chogwirira kumapeto kapena mungochidula, chogwiriracho chimakodwa mzitsa ndi mmizu nde galu amaima mwadzidzidzi chimodzimodzi.

China chomwe wogulitsa uja sanandiuze, chingwe si chokokera galu kuti abwere ngati ukuwedza nsomba. Ntchito yake nkungomuletsa kuti asapite, kubwera azibwera yekha. Muitaneni kamodzi kokha, akatembenuka muyamikireni, akafika mpatseni kanyama kenako mumulole abwererenso kukanunkhiza, asamaone ngati akaitanidwa nde kuti kusewera kwatha. Akakana musakuwe dzina lake kakhumi, ingogwirani chingwe asapitirire nkuyenda motsatira chingwecho mpaka mumupeze. Yambirani pamalo opanda agalu ena, chifukwa chingwe chachitali pakati pa agalu akusewera chimakola miyendo ya aliyense, ndi ana omwe.

Bruno zinamutengera miyezi inayi kuti ndizimukhulupirira, ndipo akaona mphaka mpaka lero makutu amatseka, nde hanesi sitinaisiye. Kanayiloni kaja ndinakadula ndimamangira katundu pa njinga. Tiuzeni galu wanuyo ndi wa makilo angati ndikuuzeni lamba womuyenera.