Chikope chotupacho musagone nacho

Asisi, mwanena kuti mwana wanu watupa chikope. Chikope cha mwanayo musachidikire mpaka Lolemba ayi. Ndikulemba manja akunjenjemera, chifukwa wanga anayamba chomwecho ali ndi zaka 13, ali sitandade 8. Chimfine wamba, mamina achikasu, mutu kuwawa pachipumi akawerama. Chinakhala ngati chatha, kenako patapita sabata thupi linatenthanso kuposa poyamba.

Tinapita kukiliniki ina yolipira. Anamubaya chala, malungo sanapezeke, koma anatipatsabe LA ndi Panado. Ndinawaonetsa chikope, iwo maso ali pa foni, n'kungoti "kamuluma kachilombo, mayi." Osamugwira n'komwe mwanayo! Ndalama zokha ndiye analandira ndi manja awiri. Mpaka lero ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Usiku wachiwiri wake sindidzauiwala. Cha m'ma 2 koloko anandidzutsa akulira, akuti amayi ndikukuonani awiri. Nditamuunika ndi tochi ya foni, diso lakumanzere linali litatuzuka, lofiira piriwiri, silikutembenuka, akati ayang'ane kumbali ankakuwa. Anasanza pabulangete. Tinakwera kabaza wa njinga yamoto, ine nditamukumbatira, mutu wake ukundiotcha pachifuwa ngati mbaula, njira yonse ndikumuitana dzina kuti asagone.

Kuchipatala chachikulu anamujambula m'mutu ndi makina a CT scan n'kupeza mafinya kuseri kwa diso. Adokotala anandiuza kuti m'mafupa a nkhope muli timphako, ma sinus, ndipo fupa lolekanitsa timphakoto ndi diso n'lopyapyala ngati pepala, matenda amangodutsa. Anatinso timphako ta pachipumi timakula mwana akamasinkhuka, n'chifukwa chake kwa achinyamata mafinya amatha kukwera mpaka ku ubongo. Anamuika pa diripu ya ceftriaxone, mankhwala a antibiotic, n'kumuchita opaleshoni yochotsa mafinyawo. Tinagona m'wodi milungu iwiri. Diso linapulumuka, koma sitandade 8 anabwereza.

Ndiye musamugulire mankhwala m'golosale kapena kumuthira a m'maso, mpite naye kwa achipatala lero lomwe. Koma akakuuzani kuti kangomuluma kachilombo musavomere, limbani nawo, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu. Musachite mantha kwambiri, chimfine chambiri chimatha chokha popanda ma antibiotic. Chimene chimafuna kuonedwa ndi chopitirira masiku 10 osasintha, kapena chokhala ngati chatha n'kubweranso ndi kutentha thupi. Ndipo mukaona diso latupa, akuona zinthu ziwiriziwiri, chipumi chatupa, khosi lauma, akusanza, akubwebweta kapena wakomoka, nyamukani ngakhale pakati pa usiku. Mutiuze mmene mwayendera, ine foni ndili nayo pafupi.