Funsani Malume: A ED amata chikalata pa nyumba yomwe ndikuchita lendi ku India, kodi amenewa ndi apolisi?

Malume zikomo, ine ndine mnyamata wa ku Malawi ndili pasukulu ku Bengaluru kuno ku India, ndimachita lendi limodzi ndi anzanga awiri. Sabata yathayi pochokera ku kalasi tinangopeza chikalata chomata pa geti, akuti nyumba yonseyi aigwira a Enforcement Directorate (ED) chifukwa landilodi wathu akumuganizira kuti anaigula ndi ndalama zakuba. Landilodiyo akuti tisadandaule, amenewo si apolisi sangatipange kalikonse, koma mnzanga wina akuti ndi apolisi ndithu kungoti savala yunifomu. Zoona ndi ziti malume? Tisamuke? Nanga akandiitana kuti akandifunse mafunso ndingakane?

Mphwanu, Bengaluru

Mphwanga, landilodi wakoyo wanena zoona theka lokha, theka linalo wakubisira ndipo ndi lomwe likukhudza iweyo. A ED si apolisi, zimenezo khothi lalikulu kwambiri la ku India, Supreme Court, linagamula kale pa 27 July 2022 pa mlandu wa Vijay Madanlal Choudhary, majaji atatu motsogozedwa ndi A.M. Khanwilkar. Iwowa ndi nthambi ya unduna wa zachuma, bwana wawo si mkulu wa polisi ayi, ndipo amagwira ntchito ndi lamulo la 2002 lothana ndi kuyeretsa ndalama zopeza mwa umbanda, lomwe kumeneko amangolitchula kuti PMLA. Linayamba kugwira ntchito pa 1 July 2005.

Koma usaganize kuti poti si apolisi ndiye kuti ndi ofooka, ndi chosemphana ndi zimenezo. Ku India lamulo la umboni, kuyambira lakale lija la 1872 mpaka latsopano lomwe linalowa m'malo mwake mu 2024, limati munthu akavomera mlandu pamaso pa wapolisi mawu amenewo sangawagwiritse ntchito kukhothi pomutsutsa, chifukwa aliyense amadziwa mmene anthu amavomerera milandu m'chitokosi. Ndiye khothi litati a ED si apolisi, chitetezo chimenecho chinagwa, zomwe wanena kwa iwowo ndi kusayinira zimatha kulowa m'khothi ngati umboni. Maloya a anthu oimbidwa milandu analimbana nazo kwambiri, ankati nanga si mu 2020 pa mlandu wa Tofan Singh khothi lomweli linati ofufuza za mankhwala ozunguza bongo awatenge ngati apolisi, bwanji a ED omwe amamanga anthu, kuchita chipikisheni ndi kulanda zinthu? Majaji anayankha kuti malamulo awiriwa anawalemba mosiyana, a PMLA ntchito yawo yaikulu ndi kulondola ndi kugwira chuma. Ine pandekha yankho limeneli silinandikhutitse, munthu woti akhoza kukumanga nkukutsekera nkumati si wapolisi, kwa womangidwayo kusiyana kuli pati? Komabe lamulo ndi limenelo, ngakhale mu 2024 pa mlandu wa Prem Prakash khothi linabwezako pang'ono ponena kuti mawu omwe munthu wapereka kwa a ED ali kale m'manja mwawo saloledwa ngati umboni.

Tsopano za nyumbayo. Kugwira katundu pansi pa gawo 5 la lamulo la PMLA sikutanthauza kuti boma latenga nyumba, tanthauzo lake ndi loti mwiniwake sangaigulitse, sangaipereke kwa m'bale wake kapena kuisintha dzina. Amene amalamula zimenezi ayenera kukhala wa udindo wosachepera Deputy Director, ndipo safunika kupita kaye kwa majisitireti, amangolemba zifukwa zake zomwe akukhulupirira kuti chumacho chinachokera ku umbanda ndipo chikhoza kubisidwa. Apa ndi pomwe amaposa apolisi wamba. Chiletso choyambachi chimakhala masiku osapitirira 180, ndipo pasanathe masiku 30 a ED amayenera kukasiya nkhaniyo ku bungwe lina lotchedwa Adjudicating Authority, lomwe limamupatsa landilodi masiku osachepera 30 kuti afotokoze kuti ndalama zogulira nyumbayo anazitenga kuti. Bungwelo likapanda kutsimikiza chiletsocho m'nthawi yake chimatha mphamvu. Likatsimikiza, landilodi ali ndi masiku 45 okachita apilo ku Appellate Tribunal, kenako masiku 60 opitira ku High Court. Boma limatenga nyumbayo kukhala yake pokhapokha khothi lapadera likagamula, ndipo milandu ya kumeneko imayenda ngati nkhono, zaka zimatha.

Chinanso, mlandu wa PMLA suima pawokha, pamafunika mlandu wina woyambira monga katangale kapena chinyengo, womwe nthawi zambiri amafufuza ndi apolisi enieni kapena a CBI, nthambi ya boma la India yofufuza milandu ikuluikulu. Chigamulo cha 2022 chija chinanena kuti munthu akapezeka wosalakwa pa mlandu woyambirawo, wa kuyeretsa ndalamawo sungapitirire.

Ndiye usamuke? Lero lomwe ayi, osachita phuma. Gawo 5 lomwelo limati pa nthawi ya chiletso choyambachi anthu omwe ali ndi gawo pa nyumbayo apitirize kuigwiritsa ntchito, ndipo majaji ananena kuti kulowa nkutenga nyumba mlandu usanathe kuzichitika mwa apo ndi apo, kusakhale chizolowezi. Koma pita ukaone pepala la mgwirizano wanu wa lendi. Malamulo ang'onoang'ono a 2013 amasiyanitsa: ngati mgwirizanowo unalembetsedwa kuboma, chiletso chikatsimikizidwa a ED amangokuuzani kuti lendi muzipereka kwa iwowo, koma ngati ndi wosalembetsa akhoza kukutulutsani. Ndipo ma landilodi ambiri kumeneko amakonda mgwirizano wa miyezi 11 dala kuti asalembetse, sindingadabwe wanunso atakhala wotero. Choncho yamba kufunafuna malo ena mwakachetechete, makamaka ngati mayeso ali pafupi, ndipo kumbukira kuti mlendo akasintha pokhala amayenera kudziwitsa ofesi yolembetsa anthu ochokera kunja ya FRRO, zisadzakuvute pa viza.

Akakuitana kukana sikungatheke mphwanga. Gawo 50 limawapatsa mphamvu yoitana munthu aliyense ngakhale asali woganiziridwa, ndipo uyenera kupita, kunena zoona ndi kusayina, ukanyozera pali chindapusa cha pakati pa 500 ndi 10,000 rupees pa kulakwa kulikonse. Pita ndi pasipoti, mgwirizano wa lendi ndi umboni wa mmene mwakhala mukulipirira, nena zomwe ukudziwa basi, zomwe sukuzidziwa nena kuti sukuzidziwa, osayamba kulongosola nkhani zomwe unangomva kwa alonda apageti. Usanasayine werenga tsamba lililonse, ngati alemba m'chilankhulo chomwe sukuchimva pempha akulembere m'Chingerezi. Ndi bwino kuonana ndi loya usanapite, komanso udziwitse ofesi yoona za ophunzira akunja pasukulu panupo ndi a kazembe wathu ku New Delhi.

Landilodiyo akayamba zoti ndisungireko ndalama mu akaunti yako kapena sayina apa kuti munandilipira zakutizakuti, kana usamvenso chisoni, gawo 3 la lamuloli limagwira ngakhale wothandizira mwadala kubisa ndalamazo ndipo chilango chake ndi zaka 3 mpaka 7 kundende, belo yakenso ndi yovuta kupeza kwabasi. Lendi kuyambira pano muzilipira kudzera kubanki kapena pa UPI, njira ija yolipirira pafoni, osati pamanja, ndipo mumulembere uthenga lero womufunsa kuti depoziti yanu adzakubwezerani liti komanso motani, chifukwa maakaunti ake akatsekedwa ndalama imeneyo mudzaidikira nthawi yaitali.

Malume