Nyumba zobwera pa sitima

Mayi wina wokhala ku Indiana, ku America, wandilembera kuti mwini nyumba yomwe akuchita lendi akuti nyumbayo inagulidwa m'katalogi, n'kubwera pa sitima ya pamtunda. Akufunsa ngati zoterozo zinkachitikadi, komanso angatsimikize bwanji.

Mayi, zinkachitikadi, ndipo funso lanu landifika pamtima chifukwa nyumba yanga yakhalitsa pa lintala. Mmisiri anandiwerengera matabwa a denga, ndinagula onse. Atadula, zidutswa zinadzaza khonde, iye n'kuti aperewera. Otsalawo anapindika ali pamulu. Misomali nayo inatha mosadziwika bwino.

N'chifukwa chake ndimawapatsa ulemu Otto ndi William Sovereign, apachibale a ku Bay City, Michigan, omwe anayambitsa kampani ya Aladdin mu 1906. Iwo ankaduliratu matabwa kufakitale, lililonse pa muyezo wake, mpaka analonjeza kulipira dola imodzi pa mfundo iliyonse yomwe wogula angapeze m'matabwa a khoma. Sears, kampani yogulitsa katundu kudzera m'katalogi, inayamba malondawa mu 1908, ndipo pofika 1940 inali itagulitsa nyumba pafupifupi 70,000. Munthu ankasankha pulani m'buku, kutumiza ndalama, bogi ya sitima n'kufika ndi matabwa, zitseko, mawindo, misomali, penti ndi buku la malangizo. Njerwa ndi simenti ya maziko ankapeza yekha. Mu 1918 kampani ya mafuta ya Standard Oil inaitanitsa ku Sears nyumba zoposa 150 za anthu ake okumba malasha ku Carlinville, Illinois, ndipo zambiri zilipobe.

Ndikunenetsa, munthu wopeza movutikira ayenera kudziwa mtengo wa zipangizo zonse asanakumbe maziko. Kumuuza pang'onopang'ono, lero matumba asanu, mawa malata, ndiko kumumaliza. Chomwe sindigwirizana nacho ndi ngongole zomwe Sears inkapereka kwa ogula. Chuma cha America chitagwa mu 1929, mabanja ambiri analephera kubweza n'kulandidwa nyumba zomwe anakhoma ndi manja awo. Zimenezo zimandiwawa.

Nanga yanuyo?

Pemphani chilolezo kwa eni ake, mutenge tochi, mutsikire m'chipinda chapansi kapena mukwere kudenga. Yang'anani chakumapeto kwa matabwa ngati pali chilembo ndi manambala odinda. Mabuku omwe Sears inkalembamo ogula nyumba kulibenso, choncho pitaninso ku ofesi ya boma la dera lanu (county) yosunga zikalata za malo, mukaone ngati dzina la Sears kapena la oiimira likupezeka pa ngongole yoyamba ya nyumbayo.