Kodi Masewera a Chess Amene Ndagonja Ndiwaunike Bwanji?

Funso: Akonzi, ndimasewera chess m'kalabu ina ya ku Zomba. Pa mpikisano wa mwezi watha ndinatenga zakuda, ndipo masewera anayenda motere: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5 Nxd5 6.Nxf7. Mfumu yanga inathamangitsidwa mpaka kukafera pakati pa bolodi. Ndinafunsa kompyuta, koma manambala amene inandipatsa sanandithandize. Kodi ndiyambire pati? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Bambo, mwachita bwino kusunga pepala limene munalembapo masewerawo, chifukwa ambiri akagonja amalitaya pakhomo pomwepo. Uphungu wanga ndi wakuti kompyuta muyambe mwaizimitsa. Yalani bolodi, makamaka pamodzi ndi mnzanu amene anakugonjetsaniyo, mubwereze mayendedwe onse, ndipo paliponse pamene munakayika mulembe zimene munkaopa ndi zimene munkafuna kuchita.

Pamene mfumu inafera si pamene panalakwika. Vuto lanu linabadwa pa 5...Nxd5, pamene hatchi yanu inadya pawn ya pa d5 (m'kalembedwe aka N ndi hatchi, B ndi bishopu, Q ndi mfumukazi, x ndi kudya, + ndi kuopseza mfumu, ndipo d5 ndi dzina la malo pa bolodi). Malo a f7 amatetezedwa ndi mfumu yokha, choncho hatchi yoyera itadya pamenepo inaopseza mfumukazi pa d8 ndi rook pa h8 nthawi imodzi. Mukaidya hatchiyo, 7.Qf3+ imakakamiza mfumu kupita pa e6 kukateteza hatchi yanu ya pa d5, ndipo 8.Nc3 imawonjezera moto pamalo omwewo. Akatswiri amasewera 5...Na5, kuthamangitsa bishopu wa pa c4, ndipo amalolera kuluza pawn imodzi pambuyo pa 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6 kuti zida zawo zituluke msanga. Ngati mkangano woterewu simukuufuna, sewerani 3...Bc5, pakuti hatchi ikalumphira pa g5 mfumukazi yanu ingoidya.

Mikhail Botvinnik, amene anakhala katswiri wa chess wa dziko lonse lapansi mu 1948 ndipo pambuyo pake anaphunzitsa Garry Kasparov, amenenso anadzakhala katswiri wa dziko lonse lapansi, ankalimbikira kwambiri kuti wosewera aziunika yekha masewera ake. Mukamaliza ntchito imeneyo, ndiye mutsegule Stockfish, pulogalamu younika masewera a chess, pa webusaiti yaulere ya Lichess, muyerekezere ndi zimene munalemba. Nambala ya +1 imatanthauza kuti zoyera zatsogola pafupifupi ndi pawn imodzi, ndipo muike mtima pamene nambalayo yadumpha mwadzidzidzi, chifukwa pamenepo ndi pamene maganizo anu anasokera.